Chaka Chimene Ndinakana Potashi wa Ufa

Inu ana anga, za ku Ulongwe kumene ndinabadwira mukuzidziwa kale, ndipo za sukulu sindikufuna kukutopetsani nazo. Chimene simukuchidziwa bwino n'chifukwa chake mayi wanu, amene anaphunzira za mankhwala mpaka kuvala mkanjo woyera wa m'labotale, anatsirizira ntchito akuyang'anira matumba pa depoti ya ku Balaka. Mwamva zambiri kwa anthu. Ena amati ndinaba, ena amati ndinatukwana bwana. Kuba sindinabe ayi. Kutukwana, pang'ono pokha, ndiponso mumtima. Tsono imvani kwa mwiniwakene.

Chaka choyamba, ku Liwonde

Ndinafika pa fakitale yosakaniza feteleza ku Liwonde m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, nditavala nsapato zogogoda ngati ndikupita ku ofesi ya mumzinda. Woyamba kundiona anali a Likoswe, kapitawo wa anthu a pamakina, Mlomwe wamfupi wa mawu aakulu. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, nkufunsa, "Adona, mwabwera kudzagwira ntchito kapena kudzaimira ukwati?" Amuna onse anaphulika nako kuseka. Ine ndinangoti, "Ndabwera kudzaona ngati zimene mukuthira m'matumbamo zili zoona." Kuseka kunatha pomwepo. Madzulo ake a Likoswe anandibweretsera majombo a munthu wina, aakulu moti phazi linkasambira, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinakhala pachibale, ngakhale dzina loti adona silinandichoke mpaka iwo atapuma ntchito.

Muyenera kudziwa kuti ife sitinkapanga feteleza, tinkasakaniza. Kupanga kwenikweni kumachitikira kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere. Nayitirojeni, chakudya chimene chimabiriwitsa masamba a chimanga, ali mumpweya womwe tikupumawu, wambirimbiri, koma mbewu singathe kumudya momwe alilimo. Akunjawo amamukakamiza kugwirana ndi mpweya wina wochokera ku gasi wa pansi pa nthaka, m'zitsulo zotentha koopsa ndi zopanikizika, mpaka patuluke amoniya uja wobaya m'mphuno. Amoniyayo akamulumikizanso ndi mpweya wa kaboni, ndiye yureya ameneyo, timibulu toyera timene alimi amati feteleza wobereketsa. Fosifeti, yemwe ndi wa mizu, amachokera ku mwala. Amaugaya nkuuthira asidi kuti uzitha kusungunuka m'nthaka, apo ayi mwalawo ungakhale m'munda mpaka mlimi atakalamba. Potashi, wolimbitsa phesi, ndi mchere wokumbidwa pansi penipeni pomwe kalekale panauma nyanja, ndipo wathu ankabwera wofiirira ngati njerwa. Zitatuzi zinkafika pa sitima kuchokera kudoko la ku Mozambiki, chilichonse m'mabogi ake. Ife tinkaziyeza pa sikelo, kuzithira mumgolo waukulu wozungulira pamodzi ndi salifa pang'ono, ndipo lamba ankazitengera kwa osoka matumba. Chotuluka pamenepo ndiye feteleza wokulitsa, uja amathira chimanga chikangomera.

Ntchito yanga inali kubaya matumba ndi chitsulo chamabowo, kutengako pang'ono pamwamba, pakati ndi pansi, kugaya zonse pamodzi ndi kuziyeza m'labotale ngati zikugwirizana ndi zolembedwa pathumba. Koma panali lamulo lina limene silinalembedwe pathumba, ndipo mlimi salidziwa: timibulu ta zinthu zitatuzi tiyenera kufanana kukula. Mukathira nyemba ndi mchenga m'lichero nkuligwedeza, mchenga umathawira pansi. Thumba la feteleza limachita chimodzimodzi likakwera lole. Choncho pambali pa mabotolo ndi mankhwala ndinali ndi masefa achitsulo osanjikizana, ndipo katundu aliyense wofika ankadutsa mmenemo ndisanamuvomere.

Zaka za ku Nkaya

Sindinakhalitse ku Liwonde. Bwana wa nthawi imeneyo, amene dzina lake sindilitchula poti anatisiya, ankaganiza kuti mkazi aliyense pafakitale anabwera kudzaphika tiyi. Tsiku lina pabwera alendo, iye wandikodola ndi chala, "Mayi, tatiikirani madzi pamoto." Ndinamuyankha kuti madzi amene ndili nawo pamoto ali ndi asidi, ngati akuwafuna ndiwabweretsa. Alendo anaseka, iye sanaseke. Mwezi usanathe ndinapezeka ndili ku Nkaya, pa mphambano ya njanji, kumene kampani inali ndi shedi yolandirira mabogi opita kwina.

Nkaya, ana anga! Fumbi, kutentha, madzi amchere, ndi sitima zobwera pomwe zafunira. Tinkatha masabata tikungoyang'ana njanji, kenako mabogi nkufika onse pamodzi, malona atang'ambika. Kumeneko ndiye ndinamudziwa yureya khalidwe lake. Amakoka chinyontho cha mumpweya, amachita thukuta, ndipo akauma amagwirana nkukhala thanthwe. Ndinaona amuna akuswa feteleza ndi mapiki, maso akutuluka misozi chifukwa cha amoniya, manja atasenda. Ndinalimbana ndi likulu kuti atumize malona atsopano ndi zovala m'manja, mpaka ku Blantyre anayamba kunditcha mayi wa madandaulo. Sindinasamale. Ndinakumana ndi bambo anu komweko, akugulitsa zitsulo za njinga pafupi ndi siteshoni, ndipo awiri mwa inu munabadwa tili m'kanyumba kogwedezeka sitima ikamadutsa. Ndikadakhala komweko mpaka kukalamba pakadapanda kubwera bwana watsopano ku Liwonde.

Ameneyu anali a Chirambo, munthu wa kumpoto, wamtali, wolankhula mofatsa ngati akupempha. Ndikufuna mumve bwino apa, chifukwa mwina mukuyembekeza kuti ndiwanyoze. Iyayi. A Chirambo anali bwana wabwino kuposa onse amene ndinagwira nawo ntchito. Ndiwo anagulira osoka matumba zotseka pamphuno, ndiwo analola Asilamu kuweruka msanga Lachisanu kuti akaswali, ndipo ndiwo anafika okha ku Nkaya kudzanditenga. Anandipeza ndili pamwamba pa bogi, nkundiitana, "Mayi Malunga, ndamva kuti inu simugonja. Ndikufuna munthu wotero m'labotale." Anandipatsa chidindo, kutanthauza kuti palibe thumba lotuluka pachipata ine ndisanadinde kuti lili bwino. Tinagwira ntchito zaka zambiri popanda kukangana, ndipo ndinkawalemekeza ngati atate anga.

Novembala wa chaka cha potashi

Chaka chimenecho katundu anachedwa kudoko. Yureya anafika, fosifeti anafika, potashi zii. Okutobala anatha mgolo uli chete. Malole a ogulitsa feteleza anandanda kuchokera pachipata mpaka kumsewu waukulu, madalaivala akuphika pansi pa galimoto zawo, ndipo alimi ena otopa kudikira kumasitolo a kwawo anayamba kubwera okha pa njinga, ngakhale ife sitinkagulitsa kwa munthu mmodzimmodzi. Mitambo inayamba kusonkhana ku mapiri a Chikala. Aliyense wodutsa pakhomo la labotale ankandifunsa za sitima ngati ndine ndimaiyendetsa.

Mabogi a potashi atafika anthu anaimba nthungululu. Ndinakwera ndi chitsulo changa, ndinafunyulula lona. Sanali timibulu. Unali ufa, wosalala ngati mchere wa patebulo. Potashi wotere alipo, ndipo si wabodza, koma ndi wa mafakitale amene amasungunula zonse nkuumba timibulu tatsopano. Wina kwinakwake anatumiza mabogi olakwika, ndipo mpaka lero sindikumudziwa. Nditamuthira m'masefa anga, pafupifupi yense anagwera pansi penipeni.

A Chirambo anati tiyese kaye mgolo umodzi. Tinasakaniza, tinasoka, ndinabaya matumba, ndinagaya, ndinayeza. Zonse zinatuluka ndendende monga zolembedwa pathumba. Nkhope ya a Chirambo inawala. "Mwaona, mayi? Mulungu watikumbukira. Dindani tiyambe kupakira."

"Bwana, ndibwerekeni lole imodzi mpaka masana," ndinatero.

Ndinakweza matumba angapo nkuuza dalaivala kuti apite ku Ulongwe, akhotere msewu wafumbi wa kumudzi kwathu, abwerere osaponda buleki pa mabampu. Atabwera ndinaitana a Chirambo ndi a Likoswe pabwalo la simenti. Ndinamasula thumba limodzi pakamwa nkuyamba kutapa ndi ndowa kuchokera pamwamba, kuthira milu inayi. Mulu woyamba unali woyera ndi wotuwa, potashi osaoneka n'komwe. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu unayamba kufiira. Nditakutumula thumba pa mulu wachinayi, panatsika fumbi lofiira mpaka a Likoswe anayetsemula.

"Thumba lonse likadali loona," anatero a Chirambo. "Zonse zikupita m'munda umodzi."

Apa ndi pamene panali nkhani, ana anga, ndipo a Chirambo sindikuwaimba mlandu posadziwa, poti kwawo anakulira pa esiteti pomwe matumba amathiridwa ambirimbiri. Kwathu kuno anthu ambiri thumba saligula okha. Amasonkherana mabanja atatu kapena anayi, nkuligawana ndi ndowa pabwalo, monga ndinachitira ine. Satsanulira pansi kuti asakanize, poopa kuti timibulu tingatayike m'dothi. Amatapa kuchokera pamwamba, ndipo wotsiriza amatenga gawo lake lili m'thumba momwemo, thumbalo nkukhala lake. Thumba la feteleza ndi chuma pamudzi: amasungiramo chimanga, amasokerera mphasa, amafolera denga. Ndiye mwa chifundo chawo anthu amasiyira gawo lotsirizalo amene ali wovutika kuposa onse, mayi wamasiye kapena nkhalamba. Ndinali nditaziona ndi maso anga kwa atsibweni anu, Che Idrisa, mchimwene wanga wa bere limodzi. M'gulu lawo wotsiriza chaka ndi chaka anali Abiti Saidi, mayi wamasiye wolera zidzukulu, wa kamunda kamodzi kuseri kwa mzikiti.

"Mulu uwu ndi wa amasiye, bwana," ndinawauza ndikuloza wofiirawo. "Chakudya cha masamba ndi cha mizu chachepamo. Potashi ndi mchere. Akathira kasupuni kodzaza ufa umenewu pafupi ndi chimanga chongomera kumene, mvula nkudukiza masiku angapo, mizu ipsa. Ndipo sadzadziwa kuti chamupha n'chiyani. Adzati wina wamulodzera munda."

A Chirambo anakhala pa thumba, chinthu chimene sankachita chifukwa cha mathalauza awo. Analankhula mofatsa monga mwa masiku onse. "Mayi Malunga, ndakumvani. Tsono nanunso ndimveni. Mabogi ena kuti afike papita masabata. Mvula ndi iyi yafikayi. Feteleza wokulitsa akachedwa, akolola mochepa ndi onse anayi, osati mmodzi. Inu mukufuna kupulumutsa mmodzi pogwetsa anayi. Tiwauze ogulitsa kuti aziuza alimi kusakaniza asanagawane."

"Awauze ndani? Wogulitsa amene ali ndi mzere wofika kumsewu? Ndipo amene amatuma mwana wa mchemwali wake pa njinga, uthengawo ukafika bwanji?"

"Nanga tichotsemo potashi."

"Matumba onse analembedwa kale kuti muli potashi. Ndidinde bodza?"

"Atsopano kuti asindikizidwe ndi masabata omwewo," anavomera okha. Kenako anandiyang'ana m'maso. "Lamulo likuti muyeze thumba. Mwayeza, lakhoza. Palibe adzakufunseni za milu inayi. Mukakana, a ku likulu sadzaiwala, ndipo ine sindidzatha kukutchinjirizani."

Sindikunamizani, mawu awo anali olemera, ndipo mbali ina anali oona. Ndinapempha kuti andipatse mpaka mawa lake. Usiku wake kunagwa mvula yobzalira, yamphamvu, ndipo kutacha Liwonde yense ankanunkhira dothi lonyowa.

Ndikufika pachipata m'mawa ndinamva wina akuitana, "Achemwali!" Anali Che Idrisa, atavala kofia yonyowa, njinga ili m'manja. Anali atagona pakhonde la sitolo masiku angapo osandiuza, poopa kundichititsa manyazi kuntchito. Nkhani inali itawapeza kale, chifukwa pafakitale palibe chinsinsi.

"Akuti feteleza alimo, koma inu mwatseka," anatero.

Ndinawafotokozera zonse, za ufa, za mabampu, za mulu wachinayi. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkuti, "Chabwino. Ife tikayala mphasa tikasakaniza. Wallahi, pali Mulungu, tikasakaniza. Tulutsani matumba a ku Ulongwe okha, ine ndikauza anthu khomo ndi khomo."

"Achimwene, ndikadinda limodzi ndadinda onse. Mukauza a ku Ulongwe, nanga a ku Rivirivi akawauza ndani? A ku Nsanama?"

"A ku Rivirivi ndi abale anu?" Mawu awo anakwera, anthu anayamba kutembenuka. "Kwathu akubzala lero, mvula yagwa. Abiti Saidi agulitsa mbuzi yawo yomwe ija kuti alowe nafe m'thumba. Inu mumalandira pakutha pa mwezi, kugwe mvula kusagwe. Ife tikadya masefa anuwo?"

Zinandilasa, ndipo ndinalira pomwepo pamaso pa madalaivala, ine amene sindinalirepo ku Nkaya. Koma potchula Abiti Saidi, atsibweni anu anandithandiza osadziwa. Ndinaona mayi uja akunyamula thumba lofiira pansi, akuthokoza anzake kuti amukomera mtima. Ndinapukuta maso ndi mkanjo, ndinalowa mu ofesi ya a Chirambo, ndinaika chidindo patebulo pawo.

"Bwana, ichi ndi cha kampani. Mukafuna dindani nokha, kapena itanani wina ku Blantyre. Dzanja langa ayi."

Anachiyang'ana nthawi yaitali osachikhudza. Kenako anachikankhira kwa ine ndi chala. "Tengani chinthu chanu. Ine sindidinda zimene wa labotale wakana. Koma mwandipha, mayi." Anaimba telefoni ku likulu ine ndili pomwepo, ndipo ndinamva ndekha mmene anawakalipira mbali inayo. Sanandinenere zoipa ngakhale liwu limodzi. Anangoti katundu wakanidwa ndi labotale ndipo iwo sangalumphe labotale.

Sindinafune kungokhala ndi kukana kwanga ngati nkhuku yofungatira. Ndinapita kwa a Likoswe nkuwafunsa ngati tingasefe. Mu ufa uja munali timibulu tina tokulirapo, tochepa, koma tinalimo. A Likoswe anakanda m'mutu. "Adona, mabogi onsewa? Mwapenga?" Ndinati eya, ndapenga. Anatukwana m'Chilomwe, nkupita kukagula waya wa m'mazenera ku msika. Tinakhoma mafelemu a matabwa, amuna awiriawiri kugwira mbali ndi mbali, kugwedeza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinavula mkanjo nkugwira nawo. Mchere uja unkalowa m'ming'alu ya m'manja, kuwawa kwake ngati tsabola, ndipo tonse tinkaweruka tili ofiira mpaka m'nsidze. Amuna ena ankandiyang'ana ndi diso loipa, poti anali ndi minda nawonso. Tsiku lachitatu a Chirambo anatuluka mu ofesi atapinda malaya nkugwira felemu moyang'anana ndi ine. Tinagwedezera limodzi.

Zimene tinkapeza zinkakwanira malole ochepa patsiku, pomwe pankafunika makumi. Oyamba pamzere ndiwo anapita, ndipo a ku Ulongwe sanali oyamba. Ndikadatha kupempha kuti lole ya kwathu idumphe mzere, a Chirambo akadalola. Sindinapemphe. Potashi wa timibulu anafika Disembala ali pakati, ndipo thumba la atsibweni anu linakafika kumudzi chimanga chili m'mawondo, chachikasu, chitadutsa kale msinkhu wothira wokulitsa.

Nyengo yokolola, ku Balaka

Nyengo yogulitsa feteleza itatha, a ku likulu anati ndaonetsa luso loyang'anira katundu, choncho andikweza kukhala mkulu wa depoti ya ku Balaka. Kukwezedwa kwake kopanda labotale, kopanda sefa, kopanda chidindo. A Chirambo anandiperekeza okha pa galimoto yawo, katundu wathu ali kumbuyo, inu mutakhala pa matiresi. Tikudutsa mlatho wa Shire anati, "Mpaka pano sindikudziwa kuti analondola ndani pakati pa inu ndi ine." Ndinati nanenso sindikudziwa, koma ndikudziwa chimene dzanja langa silikadachita. Ku Balaka ndinakhala zaka zonse zotsala, ndikulandira malole, ndikukangana ndi makoswe ndi denga lodontha, ndikuuza mlimi aliyense wa ku Rivirivi wobwera pa ngolo kuti yureya asamusiye pamtunda koma amukwirire, poti dzuwa limamuuluza. Koma zimenezo ndi nkhani zina.

Mwezi wa Meyi wotsatira ndinalimba mtima kupita ku Ulongwe. Atsibweni anu anali asanandilankhule chichokere pachipata paja. Ndinawapeza akutonola chimanga pakhonde. Anandiyankha moni, anandiyalira mphasa, koma sanafunse za inu, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti mtima sunatsike. Nkhokwe yawo inali yosafika pakati. Anangonditengera kumeneko ngati tikudutsa.

Tili chikhalire anafika Abiti Saidi, atamva kuti kwabwera mlendo. Anali ataonda kuposa mmene ndinkawadziwira. Ndinagwada kuwapatsa moni, iwo osatambasula dzanja.

"Ndiwe unatseka chipata?"

"Ndine, amayi."

"Ndinakubereka kumsana uli khanda, mayi ako akudwala. Ndinakulakwira chiyani?"

Ndinayamba kufotokoza za ufa wofiira, kuti gawo lotsiriza likadakhala lawo, kuti mizu ikadapsa. Anandidula ndi dzanja. "Ine za ufa sindikuzidziwa. Munda wopsawo sindinauone. Umene ndauona ndi uwu wachikasuwu. Chimanga changa chithera mu Okutobala, ndipo mbuzi ndilibe." Anadzuka, nakonza mpango wawo, napita osatsanzika.

Ana anga, palibe mawu a bwana aliyense amene anandipweteka ngati amenewo. Ntchito ngati yanga ilibe mboni. Ukaletsa choipa, choipacho sichioneka, chimaoneka ndi chimene anthu ataya podikira. Ndinawatumizira chimanga Abiti Saidi chaka chimenecho kudzera mwa alamu anga, akazi a Che Idrisa, ndipo analandira poti zidzukulu zinali ndi njala, koma mpaka kumwalira kwawo sananditchulenso mwana wawo.

Madzulo atsibweni anu anandiperekeza ku siteji. Tinayenda iwo patsogolo akukankha njinga, ine pambuyo. Minibasi ya ku Liwonde itaima, kondakitala akukuwa, atsibweni anu anandigwira chikwama nkufunsa osandiyang'ana.

"Achemwali, atakubwezerani chidindo chija, kutabweranso ufa ngati uja, mungatsekenso?"

Ndikadatha kuwanamiza kuti tisiyane bwino. Ndinati, "Ndingatsekenso, achimwene."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nandipatsira chikwama. "Ndinadziwa. Mutu wa bambo athu umenewo. Basi, tsiku limenelo mudzatitumire uthenga msanga, mbuzi tisanagulitse."

Anakwera njinga minibasi isananyamuke, ndipo sanacheuke.